Kabokosi ka lock-up ndi mantha athu pa waya

Abale anga, lero mundipirire, ndikamba nkhani ya oyilo ndi mawaya. Ndikudziwa kuti ena mukangomva mawu akuti giyaboksi mumayamba kuyasamula, koma dekhani. Nkhaniyi ikukhudza mtengo wonyamulira thumba la soya kuchokera ku Mkanda, ikukhudza ndalama zakunja zomwe tikuzilira usana ndi usiku, ndiponso ikukhudza ana omwe masukulu athu akutulutsa chaka ndi chaka ali ndi satifiketi m'manja koma akuopa waya ngati njoka.

Pali matenda omwe agwira magalaja ambiri kuyambira pa boma pano mpaka ku Kamwendo ndi ku Kapiri. Galimoto ya otomatiki ikangoyamba kuvuta kusintha magiya kapena kutenthetsa oyilo, chigamulo chimakhala chimodzi basi: gwetsani giyaboksi yonse, tiikemo ya manual. Palibe woyeza, palibe wofunsa kuti chadwala n'chiyani. Ndipo akapezeka mnyamata wolimba mtima n'kunena kuti, "Bwana, zitsulo zili bwinobwino, chafa ndi kakompyuta kolamula, ndikhoza kukupangirani kena," anthu amaseka mpaka kugwira nthiti. Amati zimenezo anapanga ndi Ajapani, iwe wa ku Tembwe ungazithe? Ine ndikuti angazithe, ndipo osekawo ndi amene akutisaukitsa.

Tiyambe ndi chinthucho, kuti tisamakangane pa zomwe sitikuzidziwa. Galimoto ya manual ili ndi kilatchi yomwe dalaivala amaponda. Ya otomatiki yachikale ilibe. M'malo mwake, pakati pa injini ndi giyaboksi pali chitsulo chooneka ngati dzungu lophwatalala, chodzaza ndi oyilo wofiira uja, dzina lake torque converter. Tengani mafani awiri, muwayang'anitse. Mukayatsa imodzi, mphepo yake imazunguza inzake ngakhale simunaiyatse. Mu torque converter zimachitika chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa mphepo muli oyilo. Fani yoyamba imazungulira ndi injini, yachiwiri imazunguza giyaboksi, ndipo pakati pake pali kachitatu kotchedwa stator komwe kamabweza oyilo m'njira yoti mphamvu yokoka ichuluke galimoto ikamanyamuka. N'chifukwa chake otomatiki imaima pa rodibuloko ili mu giya osazima. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Mjeremani Hermann Föttinger anaitulukira mu 1905 poganizira za sitima zapamadzi, ndipo pofika 1948 kampani ya Buick inali itaiika m'galimoto zake.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Popeza mafani awiriwo sagwirana, yachiwiri imatsalira m'mbuyo nthawi zonse. Tingoyerekeza kuti injini ikuzungulira ka 2,500 pa mphindi ndipo kutsalirako ndi magawo 5 pa 100. Ndiye kuti mphindi iliyonse mizungulo 125 ya injini siikufika ku matayala. Mwana aliyense wa Physics adzakuuzani kuti mphamvu siisowa, imangosintha maonekedwe. Apa imasanduka kutentha. Dizilo yemwe mwafolera tsiku lonse pa filing'i siteshoni akungophika oyilo wa giyaboksi. Oyiloyo akapsa amada, amanunkha zopserera, ndipo amayamba kudya timakilatchi ndi timalabala ta mkati.

Mankhwala ake anapezeka kalekale. Mkati mwa torque converter anaikamo kakilatchi komwe, galimoto ikafika pa liwiro labwino, kamamanga mafani awiri aja pamodzi kuti azizungulira ngati chitsulo chimodzi. Ndiko kumene amati lock-up. Kampani ya Packard inali nako mu 1949. Kenako ambiri anakanyalanyaza poti mafuta anali otchipa, mpaka mavuto a mafuta a mu 1973 atawakhaulitsa, ndipo mu 1978 Chrysler inakabwezeretsa. Onani bwino pamenepa. Amereka, omwe ali ndi zitsime za mafuta kwawo, anachita mantha ndi mafuta otayikawo. Ife amene lita iliyonse imabwera pa thanki kuchokera ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Nacala, ife amene tinagona pa mizere mu 2011 ndi 2012, n'kugonanso mu 2022 ndi 2024, tikuyendetsa galimoto zopanda lock-up osadandaula n'komwe.

Nanga chimalamula kakilatchiko n'chiyani? Pa giyaboksi zambiri za magiya anayi zomwe zinabwera ndi galimoto zakale za ku Japan, monga ya Aisin ya mtundu wa A340 yomwe mumaipeza m'ma Hilux Surf, ma Prado ndi ma Hiace ena, muli timavavu titatu ta magetsi totchedwa solenoid. Tiwiri n'tosinthira magiya, kachitatu n'ka lock-up. Solenoid ndi waya wokulungidwa basi. Mukampatsa magetsi amasanduka maginito, n'kutsegula kapena kutseka njira ya oyilo. Kakompyuta ka giyaboksi ntchito yake ndi kumvetsera liwiro la galimoto, kuponda kwa dalaivala pa moto, kutentha kwa injini ndi mabuleki, kenako n'kugamula kuti yatsa kapena zimitsa. Ufiti wake wathera pomwepo.

Kakompyuta kameneka kwathu kuno sikachedwa kufa kapena kugontha. Makoswe otsatira chimanga ndi mtedza amatafuna mawaya. Madzi a m'dzinja amalowa m'mapulagi. Wina amalumikiza batire mozondoka pofuna kuliza galimoto, wina amawotcherera bodi osachotsa batire. Chofala kwambiri n'chakuti munthu amachotsa injini ya petulo n'kuikamo ya dizilo, osadziwa kuti pa galimoto zambiri ubongo wa injini ndi wa giyaboksi uli m'bokosi limodzi. Pa A340 magetsi akasowa kotheratu, mukaika pa D galimoto imanyamukira mu giya yachinayi, mukaika pa 2 imakupatsani yachitatu, pa L yoyamba. Eni galimoto ambiri amangoti yafooka. Siinafooke, yasowa woilamula. Nthawi zina magiya onse amasintha bwino, lock-up yokha ndi imene yasiya, ndipo mwiniwake sadziwa n'komwe mpaka giyaboksi itapsa.

Taganizirani msewu wa M12. Kuchokera pa boma pano kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo gawo lalikulu ndi chigwa chosalala, kudutsa Kamwendo, Namitete, Msundwe mpaka mumzinda. Msewu wotere ndi umene lock-up anaipangira. Galimoto yonyamula matumba a mtedza yoyenda mtunda wonsewo mafani akuterereka ikuwotcha ndalama pa kilomita iliyonse. Yodutsa pa Mwami kulowera ku Chipata n'kupitirira pa Great East Road, ikafika m'mapiri a ku Luangwa oyilo amakhala atatentha kale. Mwini galimoto saluza yekha. Amakweza mtengo wonyamulira, venda amatsitsa mtengo wogulira, ndipo chikwapu chimathera pa mlimi wa ku Mikundi amene sanaonepo mkati mwa giyaboksi chibadwire.

Tsono tiyeni tiwerengere zomwe chigamulo cha "ikani manual" chimadya. Mugule giyaboksi ina, fulayiwilo, kilatchi yonse, chopondera chake ndi timasilinda take, giyaliva, ndipo kawirikawiri propushafuti iyenera kudulidwa kapena kuwonjezeredwa. Palibe n'chimodzi chomwe mwa zimenezi chopangidwa ku Kanengo. Zonse zinalowa m'dziko ndi madola. Kwacha inagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo aliyense wopita ku Malangalanga kukagula sipeya akudziwa zomwe zinatsatira. Kumbali inayi, kabokosi kolamula solenoid kamafuna tizipangizo tokwana m'dzanja limodzi, tina topezeka m'mawailesi ndi m'ma TV akufa. Mwana wafa ndi ludzu miyendo ili m'madzi. Sindikunena kuti manual n'njoipa. Giyaboksi ikathyokadi mkati, sinthani. Chomwe ndikukana ndi kuzula dzino labwino chifukwa choti dokotala alibe nyali yoyang'anira m'kamwa.

Koma pano ndikangane ndi mbali inayo, chifukwa nawonso andikwiyitsa. Pali akatswiri ena a changu omwe anamva kuti solenoid imangofuna magetsi. Amakoka waya kuchokera ku batire, n'kuika switchi pa dashibodi, n'kumuuza dalaivala kuti, "Mukathamanga muziyatsa, mukamaima muzizimitsa." Kenako amalandira ndalama n'kumadzitcha mainjiniya. Imeneyo ndi mbuna. Tsiku la msika pa Kamwendo, wakabaza akalowa mumsewu mwadzidzidzi, dalaivala sakumbuka switchi, amakumbuka buleki. Pa giyaboksi yomwe imalola lock-up kugwirabe pa liwiro lotsika, injini imazima ngati manual yomwe waimitsa osaponda kilatchi. Injini ikazima chiwongolero chimalemera, ndipo mphamvu yothandizira mabuleki imatha mukangoponda kangapo. Ngakhale ngozi isachitike, lock-up yogwira galimoto ikukwera chitunda pang'onopang'ono ndi katundu wolemera imanjenjemeretsa galimoto yonse n'kupsereza kakilatchi komwe timafuna kukapulumutsa. Anthu a switchi amenewa ndi amene amaipitsa mbiri ya anyamata oganiza bwino.

Kabokosi koyenera kayenera kuganiza m'malo mwa dalaivala, ndipo malamulo ake ndi ochepa. Loyamba, kasamange mpaka liwiro litakwana, ndipo liwirolo kazilimva kuchokera ku sensa ya galimoto, osati m'mutu mwa munthu. Lachiwiri, malo omangira ndi omasulira asiyane. Ngati kamanga pa makilomita 65 pa ola, kamasule pa 55, apo ayi galimoto yoyenda pa malire idzangomanga n'kumasula ngati chitseko cha mphepo. Lachitatu, buleki ikangopondedwa kamasule pompopompo, ndipo chizindikiro chake chilipo kale pa waya woyatsa magetsi ofiira a kumbuyo. Lachinayi, injini ikadali yozizira m'mawa kasamange. Lachisanu, dalaivala akaponda moto kwambiri pofuna kupitirira mnzake kapena kukwera chitunda, kamasule kuti torque converter igwire ntchito yake yochulukitsa mphamvu. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse: kabokosiko kakafa, waya akaduka, fyuzi ikapsa, lock-up ikhale yomasuka. Chinthu chopangidwa bwino chimadziwika ndi mmene chimafera.

Zipangizo zake ndi ziti? Wokonda kompyuta atha kugwiritsa ntchito Arduino, kabolodi komwe kanayambira pa sukulu ina ku Ivrea ku Italy mu 2005, ndipo anakapangira ophunzira omwe sanali mainjiniya. Wopanda kompyuta atha kutenga LM2907 yosandutsa kugunda kwa sensa kukhala mavoti, ndi LM393 yoyerekeza mavotiwo ndi malire omwe waika. Solenoid ya A340 ikakhala yabwino imaonetsa ma ohm pakati pa 11 ndi 15 pa mita. Gawani mavoti 12 ndi 13, mupeza kuti imakoka pafupifupi ampu imodzi. Arduino singathe kupereka ampu imodzi, choncho pamafunika transistor kapena relay pakati. Solenoid ikazimitsidwa imabweza magetsi amphamvu kwa kanthawi kochepa, choncho pamafunika diode yoimeza, apo ayi transistor ipsa. Magetsi a galimoto ndi aphokoso, amakwera n'kutsika, choncho pamafunika regulator, ma capacitor ndi fyuzi. Ndipo musanagwire chilichonse yezani ngati galimotoyo ndi ya mavoti 12 kapena 24, chifukwa malole ambiri a dizilo ali ndi mabatire awiri. Ngati kompyuta yonse yafa, kabokosi kayeneranso kulamula ma solenoid awiri osinthira magiya. Ntchito imakula, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Werenganinso ndime imeneyo, inu aphunzitsi anzanga. Lamulo la Ohm. Maginito a magetsi. Induction. Diode. Transistor. Ma logic gate, pakuti "liwiro lakwana NDIPO buleki sinapondedwe NDIPO injini yatentha" ndi AND gate yeniyeni. Zonsezi zili mu silabasi ya Physics ya MSCE. Kabokosi konseka ndi mayeso a Folomu 4 oikidwa m'chitini. Nanga zikutheka bwanji kuti mwana wokhoza ndi distinction akafika pa galaja amaima patali manja ali m'thumba, pamene yemwe analekera Sitandade 8 ndiye akugwira mawaya mongoganizira? Mmodzi ali ndi mutu wopanda manja, wina manja opanda mutu. Chifukwa chake n'chakuti m'masukulu ambiri transistor ndi chithunzi cha choko pa bolodi. Ndikudziwa sukulu ina kuno yomwe ili ndi mamita oyezera magetsi akadali m'mapepala ake, otsekeredwa m'kabati kuopa kuti ana awononga. Akudikira kuti awonongeke ndi dzimbiri, poti dzimbiri silifunsidwa ndi oditala.

Dziko lino lili ndi khalidwe loipa pa anthu otere. William Kamkwamba wa ku Masitala ku Kasungu, boma loyandikana nafe, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Anthu ankati wapenga. Atakayankhula ku Arusha mu 2007 azungu n'kuwomba m'manja, tonse tinayamba kumutcha mwana wathu. Gabriel Kondesi wa ku Mulanje anapanga wailesi yake ya Pachikweza, ndipo mu 2009 anamangidwa n'kulipitsidwa chindapusa chifukwa chopanda laisensi. Zitatero m'pamene anthu akufuna kwabwino anathamangira kumuthandiza. Nthawi zonse timayamba ndi kuseka kapena unyolo, kutamanda kumabwera mlendo akatiloza. Mnyamata wa kabokosi ka lock-up sadzaitanidwa ku Arusha. Palibe adzapange filimu ya solenoid. Ngati ife eni sitimuona, palibenso wina.

Ndikumva kale otsutsa. Akuti, "Aphunzitsi, mukulimbikitsa ana kuseweretsa miyoyo ya anthu. Nanga a inshuwalansi? Nanga COF?" Funso labwino, ndipo sindilithawa. Koma ndikufunseni: propushafuti yodulidwa ndi sowo n'kuwotchereredwa pansi pa mtengo wa mango, osaibalansa, inayesedwa ndi ndani? Ikathyoka pa liwiro la 90 imachita zotani? Chimenecho palibe amachiopa poti ndi chitsulo, timachiona ndi maso. Chomwe tikuopa ndi waya, chifukwa sitikumumvetsa. Kabokosi kotsata malamulo ndatchula aja sikakhudza mabuleki, sikakhudza chiwongolero, ndipo kakafa galimoto imangobwerera mmene inalili poyamba. Komanso kali ndi njira yokayesera. Yambani pa tebulo, babu ikhale m'malo mwa solenoid. Kenako kaikeni m'galimoto kakungoyatsa kanyali pa dashibodi, muyende masiku angapo mukuona ngati kanyaliko kakuyaka ndi kuzima pa nthawi yake. Mukakhutira m'pamene mulumikize solenoid, galimoto ili yopanda katundu, pa msewu wopanda anthu. Mwini galimoto auzidwe zonse, chithunzi cha mawaya chijambulidwe papepala n'kusiyidwa m'galimotomo kuti makaniko wotsatira asavutike, ndipo ngati malamulo a pamsewu kapena a inshuwalansi afuna kuti kusinthako kunenedwe, kunenedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena akuti galimoto zatsopano sizilola zimenezi. Zoona ndithu. Pa zambiri zatsopano solenoid ya lock-up siyatsidwa kamodzi n'kamodzi, imapatsidwa magetsi odukizadukiza kuti kakilatchi kagwire pang'onopang'ono, ndipo makompyuta ake amayankhulana pa mawaya awiri a CAN. Ma Canter a giyaboksi ya Duonic alibe n'komwe torque converter. Woyamba kudula mawaya asanawerenge nambala ya giyaboksi ndi buku lake ndi safunsa amene anadya phula. Koma mfundo imeneyi ikundithandiza ine, osati otsutsa. Galimoto zikubwerazi zikudzaza ndi makompyuta chaka ndi chaka. Amene walephera kumvetsa ma solenoid atatu lero adzatani ndi za mawa? Tidzagwetsa magiyaboksi mpaka liti? Tsiku likubwera lomwe ya manual yoti muikemo simudzaipeza, chifukwa ku Japan komweko zikuchepa.

Choncho pempho langa lili patatu. Kwa aphunzitsi a sayansi: tsegulani makabati. Kalabu ya sayansi ipite ku galaja kukapempha solenoid yakufa ndi sensa yakale, ana aziyeze, azilize, aziwotche ngati kuli kofunika. Transistor imodzi yopsa m'manja mwa mwana imaphunzitsa kuposa manotsi a teremu yonse. Kwa a TEVETA, omwe alipo kuyambira 1999, ndi makoleji a ntchito zamanja monga wa Namitete pafupi pompa: konzani maphunziro aafupi a magetsi a galimoto, a masabata ochepa, olandira makaniko amene ali kale pa ntchito ngakhale alibe MSCE, ophunzitsidwa m'Chichewa. Anthuwa sangasiye galaja zaka zitatu, ali ndi ana oti adye. Kwa eni malole ndi ma pikapu: makaniko akanena kuti gwetsani giyaboksi, mufunseni kuti wayeza chiyani, ndipo mita yaonetsa nambala yanji. Akakwiya ndi funsolo, nyamukani. Ndipo mnyamata woyeza uja mumulipire ngati katswiri. N'zamanyazi kupereka ndalama zambirimbiri kwa wogulitsa sipeya popanda kunenerera, koma kwa amene wakupulumutsirani ndalamazo n'kumupatsa ya Fanta.

Mu 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami kuti katundu azidutsa mwachangu. Zabwino. Njanji yathu inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, komabe mtedza, soya ndi feteleza wa boma lino zimayenda pa matayala, pa galimoto zomwe eni ake oyamba anazitaya kale. Galimoto zimenezo zikhala nafe zaka zambiri, ndipo amene anazipanga sadzabwera ku Waliranji kudzazikonza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wathu ndi anyamata ndi atsikana a m'magalaja athuwa, ndi ana omwe akhala m'kalasi Lolemba m'mawa. Tiwapatse mita ndi chowotcherera, tiwauze malamulo, kenako tiwasiye agwire ntchito.

Ndakamba zambiri, ndipo mulu wa makope oti ndichonge ukundiyang'ana.